Kachigayo ka Adona ndi Sekuru Matiyasi

Ana anga Esinati, Tendai ndi Rute, za ubwana wanga pa komboni mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndizilumpha. Pano ndikufuna kulemba za ntchito ya ukhuki imene inakulerani, poti maso adakaona ndipo dzanja likadagwira cholembera.

Karoi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali m'shedi yosankhira fodya pa famu ina kunja kwa Karoi, pamene bambo anga anafikira atachoka ku Dedza. Ndinali nditangokwatira mayi anu. Fumbi la fodya linandipatsa chifuwa chosamva mankhwala, ndipo kapitawo atamva kuti kunyumba yaikulu akufuna munthu wodziwa kuwerenga woti azithandiza khuki, anapereka dzina langa. Khukiyo anali a Matiyasi Mbewe, amene aliyense ankawatchula Sekuru Matiyasi, kutanthauza agogo, monga amachitira anzathu a Chishona. Anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Mkazi wawo anamwalira osasiya mwana. Anali munthu wamfupi, wa yunifolomu yoyera mbee, wolowa gule, pamene ine ndinali wa mpingo. Tsiku loyamba sanandifunse ngakhale dzina. Anandiikira thumba la anyezi patsogolo, nandipatsa mpeni, nati, "Ukalira ulirire kumbali. Mu supu mwanga mchere ndathira kale."

Masiku amenewo chilichonse chinali cha manja. Nyama tinkaipera ndi chitsulo chomangirira pa tebulo, ine ndikupukusa mpaka phewa kuuma. Kaloti ndi tchizi tinkapala pa chitsulo cha mabowo chimene chinkadya zala zanga sabata iliyonse. Nyengo yogulitsa fodya ikafika alendo ankadzaza nyumba, ndipo ife tinkayamba kudula ndiwo dzuwa lisanatuluke. Ndiye chaka changa chachiwiri adona, akazi a mwini famu, anabwera kuchokera ku Joni ndi katoni yaikulu naiika pa tebulo la m'khitchini. Munali makina amene iwo ankawatchula kuti purosesa. Pansi pake panali thunthu lolemera la injini, pamwamba mbale yoonekera mkati, ndipo m'mbalemo munkalowa mpeni wopindika ngati zikwakwa ziwiri zoyang'ana kosiyana. Munalinso timbale tachitsulo tathyathyathya, kena kodula, kena kopala. Adona anaponyamo anyezi atatu, nadina batani. Tisanaphethire, anyezi anali atadulidwa bwino lomwe, wopanda wolira. Ine ndinaomba m'manja. Sekuru anavula chipewa chawo choyera nati, "Adona, ndiye kuti ine ndizipita?"

"Upite kuti, Matiyasi?" anayankha adona akuseka. "Makinawa sadziwa ngati mchere wakwana."

Komabe Sekuru anakana kuwakhudza. Anawapatsa dzina lonyoza lakuti kachigayo, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka adona omwe anayamba kulitchula. Kabuku kake anandiponyera ine kuti, "Iwe wa sukulu, werenga, uzimudyetsa m'bale wakoyu." Ndinakawerenga masamba onse, ndipo pang'onopang'ono ndinaona kuti ntchito ya maola awiri ikutha madzi a tiyi asanawire. Kabichi ndi kaloti za saladi ndinkazidutsitsa pa timbale tija. Buledi wouma, amene kale tinkapatsa nkhuku, ndinkamupera kukhala nyenyeswa zokutira nsomba za ku Kariba tisanazikazinge. Nyama yootcha yotsala Lamulungu ndinkaigaya pamodzi ndi anyezi kuti Lolemba ikhale payi, nyama yophikira m'kati mwa mtanda wa tirigu. Maungu ophika ankasanduka supu wosalala. Chimene chinandikondweretsa kwambiri chinali kusakaniza batala wozizira ndi ufa wa tirigu, chifukwa manja anga ndi otentha ndipo batala ankandisungunukira ndisanamalize, koma kachigayo kanalibe vuto limenelo.

Ndinayamba kudzimva, ndipo kudzimvako kunandigwetsa. Tsiku lina kunali alendo asanu ndi mmodzi, ndipo ndinaganiza zoti mbatatesi yophika ndiipere m'kachigayo m'malo moinyenya ndi manja. Nditatsegula chivindikiro ndinapeza chinthu chotamuka, chomata pa supuni. Sekuru anachikoka ndi chala, chinatalika osaduka. Anaseka mpaka kutsamira khoma. "Ulimbo uwu, Jailosi! Tikatchere mbalame ku damu!" Atatha kuseka anasenda mbatatesi ina mwaliwiro limene sindinalionepo, ndipo alendo anadya pa nthawi yake. Kwa adona sanatchule kanthu. Madzulo tikutsuka mbale anandiuza kuti, "Vuto lako umayang'ana koloko. Chakudya chimayankhula, uzimvera." Ndipo zinali zoona. Munthu amene sanakhudzepo batani lija ankadziwa ndi khutu lokha kuti mtanda wa buledi wagwirana, chifukwa kulira kwa injini kunkasintha. Ankakuwa ali ku chitofu, osacheuka n'komwe, "Zimitsa!" Kuyambira pamenepo tinkagwira ntchito ngati munthu mmodzi, ine chala, iwo khutu.

Chiponde, chimene kuno timati dovi, tinachitulukira mwangozi. Adona anandituma kudula mtedza wokazinga woti ukhale pamwamba pa keke, kenaka anandiitana pakhonde kuti ndiwathandize kunyamula mphika wa maluwa. Ndinathamanga osazimitsa. Pobwerera ndinapeza mtedza wasanduka phala lonyezimira mafuta. Sekuru anapisamo supuni, nalawa. "Mtedzawu sunakazingike mokwanira," anatero. "Koma ndi chiponde chenicheni." Mayi anu ankataya theka la tsiku kusinja mu mtondo ndi kupera pa mphero kuti apeze chiponde chodzaza kambale kamodzi. Nditawauza sanakhulupirire, mpaka adona atandilola kubwera ndi mtedza wa m'dimba mwathu Loweruka lina.

Mvurwi, zaka za chilala

Mwana wamkazi wa adona atakwatiwa ndi mlimi wa ku Mvurwi, mayi ake anamupatsa mphatso ziwiri, kachigayo ndi ine. Nthawi imeneyo manja a Sekuru anali atayamba kunjenjemera, ndipo anapumitsidwa ntchito. Pa famu, munthu wopuma wopanda mwana wogwira ntchito sakhalitsa m'nyumba ya komboni. Iwo sanapemphe kanthu. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatithandiza kumanga katundu pa lole, ndipo mayi anu anandikokera pambali nati, "Baba Esinati, munthuyu tikumusiyira yani?" Ndinapita kukawafunsa ngati angakonde kukaona Mvurwi. Anayankha kuti kaya, mwina kwa mwezi umodzi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi sutikesi yomanga kale. Umu ndi mmene munapezera sekuru wokulerani, inu amene agogo anu enieni anali atapita kale.

Adona aang'ono ndinawadziwa ali mtsikana woba mabisiketi m'khitchini, choncho sitinavutane. Amuna awo ndi amene anali ovuta. Antchito ankawatchula Chimphepo, chifukwa ankalowa paliponse mokalipa ndi kutuluka asanamve yankho. Ana awo awiri analeredwa ndi zakudya za m'kachigayo: maungu, nthochi, mbatata ndi nyama ya nkhuku, zonse zopera bwino, ndipo sanadye za m'mabotolo za kusitolo. Kenaka kunagwa chilala chija cha ufa wachikasu. Damu linauma mpaka matope kung'ambika. M'masitolo mafuta ophikira ndi shuga zinkasowa, ng'ombe zinali mafupa okhaokha, ndipo nyama yake inkalimba ngati lamba. Ndinkaipera kawiri, kuisakaniza ndi nyenyeswa za buledi ndi dzira, alendo n'kumayamikira osadziwa kuti akudya ng'ombe imene inkalephera kudzuka. Mbale ya kachigayo inang'aluka chaka chomwecho, ina yosinthira kunalibe, ndipo makaniko wa pa famu anaimata ndi guluu naizunguliza waya wa kopa.

Ku komboni zinthu zinali zoipa kuposa. Mai Chipo, amene ankayang'anira kakiliniki ndi kireshi ya pa famu, malo osiyako ana aang'ono makolo akapita kuntchito, anandiitana tsiku lina nandionetsa ana atakhala pa mkeka. Ena tsitsi linali litafiira. Pakati pawo panali iwe Rute, uli ndi zaka zitatu, masaya atatupa. Ine ndinkakuona tsiku ndi tsiku osazindikira. Mai Chipo anati mtedza ulipo, matumba angapo amene mpingo unapereka, koma amayi onse ali kumunda kuthirira fodya ndi zitini, woti asinje palibe. "Ndamva kuti muli ndi makina opanga dovi," anatero. "Phala la ana likufuna dovi, baba."

Ndinadikira bwana atamaliza kudya chamasana, ndinawauza nkhaniyo nditaima pakhomo la chipinda chodyera. Sanandilole n'kumaliza komwe. "Khitchini yanga si chigayo cha komboni," anatero, nadzuka. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinati, "Bwana, ana anu ndawadyetsa ndi makinawa mpaka anenepa. Wanga akutupa." Anaima, nkhope itafiira, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yatha. Adona aang'ono anaika foloko pansi nati, "Makinawa anandipatsa ndi mayi anga, si a famu. Jailosi, Loweruka masana khitchini ndi yako." Bwana anatuluka akumenyetsa chitseko. Loweruka lachitatu ndinapeza matumba awiri a mtedza pakhomo la khitchini, ndipo dalaivala wa thirakitala anandinong'oneza kuti awatumiza ndi Chimphepo, koma ndisawathokoze. Sekuru ankakazinga mtedza panja pa chitini chodula pakati, mayi anu ankapeta, ine ndinkapera pang'onopang'ono. Injini ikatentha ndinkaifunditsa nsalu yonyowa ndi kuipumitsa. Tinachita zimenezi mpaka mvula inabwera, ndipo pa ana a kireshi ija sitinaike m'manda ngakhale mmodzi.

Mvurwi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Za mmene mafamu anasinthira eni sindilemba zambiri, munaziona nokha. Yathu itafikiridwa, bwana anapatsidwa masabata ochepa oti achoke, ndipo ife a komboni tinauzidwa kuti nyumba zikufunidwa. Banja la bwana linapeza malo olima ku Zambia. Tikulongedza mbale m'makatoni, adona aang'ono anandiuza kuti ndipite nawo. Nyumba idzakhalapo, mapepala anga ndi a mayi anu bwana adzakonza, ndipo iwe Tendai, amene unali Fomu 3 ndipo unkakhoza kuposa anzako onse, adzakuphunzitsa mpaka ku koleji ya zaulimi. Ndinafunsa za Sekuru. Adona anayang'ana pansi. Munthuyo analibe chiphaso cha dziko lililonse, ngakhale pepala losonyeza kumene anabadwira. Malire sakanawoloka. Nthawi imeneyo anali atagwidwa kale ndi matenda oumitsa ziwalo, mwendo umodzi ankachita kukoka.

Nkhaniyi inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinakupeza iwe Tendai ukupukuta nsapato zako za kusukulu, ukuimba. Sekuru anandiitana pansi pa mtengo wa mango nati, "Jailosi, ndamva. Usachite zopusa. Ine ndine chitsa, chitsa sachisamutsa. Ana ali ndi tsogolo, pita nawo." Ndinawafunsa kuti adzakhala ndi yani, anati anthu sasowa. Koma anthuwo anali akumwazikana tsiku lililonse, ena ku migodi, ena kwa achibale kumidzi. Ife ana a anthu obwera tinalibe mudzi wothawirako. Ndinayenda masiku atatu kufunafuna malo osungira okalamba, konse kunali kodzaza. Ndinakhala pansi ndi mayi anu, ndinawauza kuti mutu wanga waima. Iwo anali akusankha nyemba pa lichero, ndipo anayankha osadzutsa nkhope. "Ana ndi athu, ndikudziwa. Koma pa lole ija ku Karoi tinawakweza ndife."

M'mawa mwake ndinakauza adona kuti sindipita. Analira, nandipempha kuti ndiganizenso, ndinati ndaganiza. Ndinafunsa ngati angatenge Tendai yekha, koma bwana anati mwana wosakwana zaka sangamuwolotse popanda makolo, ndipo m'chipwirikiti chimenecho panalibe nthawi yothamangira maofesi. Tsiku lonyamuka adona anatsitsa katoni imodzi pa galimoto naiika m'manja mwanga. Munali kachigayo ndi zitsulo zake zonse. Chimphepo anandigwira chanza kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo. Nditabwerera ku komboni, Tendai unandifunsa funso limodzi lokha: "Baba, munthu amene si m'bale wathu n'komwe?" Sindinakuyankhe. Ndinkachita manyazi kukuyang'ana.

Norton, zaka za kusowa

Mlongo wa mayi anu anatipezera zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ina ku Norton. Ntchito ya ukhuki kunalibe, poti nyumba zazikulu zinali zitatsekedwa. Chimene tinali nacho chinali kachigayo. Tinayamba kupanga dovi, mayi anu ndi Esinati n'kumakagulitsa m'mabotolo pamalo okwerera makombi, maminibasi a kuno. Ndinkaperanso tomato, anyezi ndi tsabola kukhala msuzi wa m'botolo, ndipo amayi ophika sadza pamsika ankabwera ndi kabichi kuti ndiwadulire. Mdani wathu anali magetsi, amene ankabwera ndi kupita mmene afunira. Mayi anu ankasiya wailesi yotsegula, ikangoyankhula aliyense ankasiya chimene akuchita n'kuthamangira mtedza. Lamulungu lina babu la m'tchalitchi linayaka ulaliki uli pakati, ndipo ndinatuluka monyang'ama. Pakhomo ndinakumana ndi mkulu wa mpingo, nayenso akuthamangira makina ake owotcherera zitsulo. Tinangopatsana moni ndi maso. M'chaka chimene mashelefu a m'masitolo anali mbee, botolo la dovi linkasinthidwa ndi ufa, sopo kapena makandulo, ndipo m'nyumba mwathu simunagonedwe ndi njala masiku awiri otsatizana.

Koma sukulu yako, Tendai, inathera pa Fomu 4. Zotsatira zinabwera zabwino kwambiri, ndipo zinakhala m'sutikesi. Unayamba kuitanira anthu m'makombi a ku Harare, mwana amene aphunzitsi ankati adzakhala mlangizi wa zaulimi. Kunyumba unkandipatsa ulemu wonse, koma kucheza kwathu kunatha. Sekuru ankaziona zimenezi ndipo zinkawapweteka. Matenda atawagwiranso kachiwiri analephera kutafuna, ndipo chakudya chawo chonse, mpunga, nyemba, masamba otendera, ngakhale tinsomba touma ta kapenta, ndinkachipera m'kachigayo ndi msuzi pang'ono kuti athe kumeza. Wowanyamula kupita nawo padzuwa ndi kuwasambitsa unali iwe Tendai, chifukwa msana wanga unali utayamba kale kuvuta. Palibe anakutuma. Unkachita nsagwada zitalimba, ndipo ine sindinkadziwa ngati ukuchita mwachikondi kapena mondionetsa mtengo wa chimene ndinasankha. Sekuru anakhala nafe ku Norton zaka zisanu ndi chimodzi.

Atamwalira panabuka vuto. Sanali a mpingo, ndipo anzawo a gule anali atabalalika kalekale. Tinapeza akuluakulu atatu okha a ku famu ina yapafupi, amene anabwera ndi ng'oma imodzi. Abusa athu anavomera kupemphera pakhomo, a ng'oma anatsogolera kumanda. Tisananyamuke, mkulu wa komiti ya maliro ya m'dera lathu, munthu wa Chishona, anaimirira pakati pa anthu nafunsa monga mwa mwambo kuti mwini maliro ndani, wa magazi amene aponye dothi loyamba. Anthu ankadziwa kuti malemuwo analibe mwana, ndipo ena anayamba kunong'onezana kuti anali wongosungidwa. Ine ndinali nditangoyamba kudzuka. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ndini," unatero iwe Tendai m'Chishona kuti onse amve, kenaka unabwereza m'chinenero chathu. "Ndine. Ndine mdzukulu wawo. Dzina langa ndine Tendai, awa ndi sekuru anga."

Unatsikira m'manda kukalandira bokosi, ndipo dothi loyamba unaponya ndiwe. Pobwerera unayenda pambali panga msewu wonse wa fumbi uja, utandigwira pa chigongono kuti ndisapunthwe.

Tendai, funso lako la ku Mvurwi sindinaliyankhe mpaka lero, ndipo tsopano uli ndi ana ako ku Joni, ukuyendetsa malole a anthu ena m'malo molangiza alimi. Ndikudziwa chimene ndinakulanda. Sindinena kuti Mulungu anakonza zonse bwino, chifukwa koleji ija sinabwerenso. Ndinasankha ndi maso otsegula, ndipo wolipira unali iwe, osati ine. Pepani, mwana wanga. Mawu amenewa ndinayenera kuwanena tsiku lija pamsewu wochokera kumanda.